Tsiku Limene Mwana wa Dokotala Zeuner Anandipeza

1

Foni inalira Lachiwiri m'mawa ndili mu ofesi ku Ntchisi Boma, komwe ndinkagwira ntchito yolangiza mabanja ndi ana ku bungwe lina. Nambala yake inali yakunja.

"Kodi ndikulankhula ndi Kezia Tsoina?" anafunsa mayi wina m'Chingerezi cholemera.

Cholembera chinandipulumuka m'manja. Dzina limene lili pa masatifiketi anga onse limalembedwa Zeuner, ndipo anzanga a kuntchito, akulu a mpingo, ngakhale mwamuna wanga Festus, amalitchula kuti Zyuna, chifukwa ndi mmene ndinawaphunzitsira ineyo. Ena amati Zeuna, ena Zuneri, ndipo sindinkavutika kuwakonza. Koma Tsoina ndinkalimva malo amodzi okha, m'mudzi wina wa m'mapiri kumalire a Ntchisi ndi Dowa, kumene ndinkapitako pokhapokha kukagwa maliro.

"Ndine amene," ndinayankha.

"Ine ndine Hana, mwana wa Dokotala Zeuner. Bambo anamwalira chaka chatha. M'mabuku awo ndapezamo mayi wina dzina lake Rakele, amene anapatsa mwana wake dzina lathu. Dzina lanu ndaliona pa tsamba la bungwe lanu. Ndikubwera ku Malawi masabata awiri akudzawa, ndipo ndikufuna kuona inu ndi mayi anu."

Ndinamuuza kuti ndakondwa kwambiri, ndinasekanso pang'ono. Foni itadulidwa ndinakhoma chitseko cha ofesi n'kukhala pansi penipeni, pa simenti. Ndinkadziwa kuti Hana akangokhala pamphasa imodzi ndi amayi Rakele, ine ndili pomwepo, ntchito yanga ndi banja langa zidzathera tsiku lomwelo.

2

Mbiri ya dzinali ndinkaidziwa kuposa Pemphero la Ambuye, ndipo ndinkaifotokoza mokoma.

M'chaka cha 1987, amayi Rakele anapatsidwa mimba ndi mwamuna wina amene anaikana n'kuthawira ku maesiteti a fodya. Mwana atabadwa, iwo anasiya kulankhula, kudya, ngakhale kuyamwitsa. Ankangoyang'ana khoma. Pa chipatala cha mishoni panthawiyo panali dokotala wina wa ku Germany wa matenda a maganizo, amene sankabaya jakisoni. Ankakhala pa mpando pafupi ndi wodwala, womasulira ali pambali, n'kumadikira kuti wodwalayo alankhule. Anthu ankamuseka kuti mzunguyu ndi waulesi, akulandira malipiro ongokhala. Anadikira choncho milungu isanu ndi umodzi, mpaka tsiku lina amayi Rakele analira mokuwa, nanena zonse zimene zinali mumtima mwawo, kenako anapempha kuti awapatse mwana wawo.

Polemba khadi la kusikelo, namwino anafunsa dzina la bambo a mwanayo. Amayi anati, "Lembani Tsoina. Ndi amene wandibwezera kwa mwana wanga." Dokotalayo anachita manyazi, koma analemba yekha dzinalo ndi dzanja lake.

Nkhani imeneyi inanditsegulira zitseko. Ku koleji mphunzitsi wathu wa maphunziro a maganizo ataona dzinalo pa kaundula anaimika kalasi, nati dokotala ameneyo anadzatchuka kwawo ndipo ophunzira amawerenga zolemba zake. Anandiuzanso kuti eni ake amati Tsoina. Ndinamuthokoza ngati ndikumva koyamba, koma ndinapitiriza kunena Zyuna. Katchulidwe koonako kankandinunkhira utsi wa m'khitchini ya amayi Rakele, ndipo sindinkakafuna m'kamwa mwanga.

Festus, amene amaphunzitsa Chingerezi pa sekondale, ankanyadira nkhaniyi kuposa ine. Ndinamubisira za foni ija masiku atatu, koma Hana analemberanso abwana anga, ndipo abwanawo anakumana ndi Festus pamsika.

"Make Abigail, nkhani yaikulu chotere mukuibisa m'thumba?" anatero akulowa m'nyumba, nkhope ili ngwee. "Ndabwereka kale galimoto kwa anzanga a Felton. Womasulira ndikhala ineyo."

"Amayi satha kucheza ndi alendo, mukudziwa mutu wawo. Komanso msewu uja..."

"Mvula inatha kalekale, msewu ndi fumbi lokhalokha. Mukuopa chiyani?"

Ndinati palibe, ndangotopa ndi ntchito.

3

Loweruka ndinanamiza Festus kuti tili ndi msonkhano ku Madisi, ndipo ndinakwera njinga yamoto ya kabaza kupita kumapiri kuja. Ndinkafuna kukumana ndi m'bale wanga amene kumudzi amamutcha make Lonjezo. Tinabadwa chaka chimodzi, ndipo tinakulira m'nyumba imodzi, pa sukulu ya pulayimale imene bambo anali mphunzitsi wamkulu. Ndinamupeza m'chigafa akusankha fodya, manja ali bii.

"Wabwera wekha, opanda uthenga? Kwagwa chiyani?" anafunsa osaimirira.

"Mwana wa dokotala uja akubwera. Akufuna kuona amayi."

Anasiya tsamba limene linali m'manja. "Wa a Tsoina? Amayi akamva avina!"

"Dikira kaye. Bambo a Abigail abweranso. Iwo amadziwa kuti amayi Rakele ndi amene anandibereka, ndipo aphunzitsi ndi akazi awo anangondilera. Ndikupempha kuti tsiku limenelo iwe ukhale mwana wa aphunzitsi. Tsiku limodzi lokha."

"Nanga amayi akakuitana ndi dzina lako?"

"Ndinawauza kale a Festus kuti Lidia ndi dzina langa lakumudzi."

"Nanga akandiloza ine kuti mwana wawo ndi uyu?"

Ndinayang'ana pansi. "Udzanene kuti mutu wawo umasokoneza."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Nkhope yake inali yokalamba kuposa yanga ndi zaka khumi, chikhalirecho tinasiyana miyezi iwiri yokha pobadwa.

"Amayi anachira kalekale, Lidia. Ukudziwa zimenezo."

"Ndikudziwa. Koma ntchito yanga, ana anga..."

"Wati tsiku limodzi?" Anatolanso tsamba lija n'kuliwongola pa bondo. "Ndakhala chete zaka makumi awiri ndi zitatu. Tsiku limodzi silingandiphe."

Ndinabwerera ku Boma mtima utatsika, ndipo ndikuchita manyazi kunena kuti pa njinga paja ndinkaimba nyimbo ya kwaya.

4

Hana anali mayi wamtali wa imvi, wovala nsapato zokwerera mapiri ngati akukasaka. Ulendo wonse ankandigwira dzanja. Anandifunsa chifukwa chimene ndimatchulira dzinalo mwachilendo, popeza bambo ake analemba kuti anthu a kuno ankalitchula bwino kuposa Angerezi. Ndinati ndi sukulu imene inandisokoneza lilime, ndipo Festus anaseka ali pa chiwongolero.

Tinafika dzuwa lili pamutu. Amayi Rakele anali atavala zoyera za chigwirizano ngati tsiku la mgonero, atasesa bwalo lonse. Ataona Hana akutsika m'galimoto anaphimba pakamwa ndi manja awo.

"Mphuno imeneyi! A Tsoina enieni!" anafuula, misozi ili mbwembwembwe.

Tinakhala pamphasa pansi pa mtengo wa mango, ife anayi ndi malume a Mateyu, mlongo wawo wa amayi. Make Lonjezo anagwada chapatali, pafupi ndi nkhokwe. Hana anatulutsa chithunzi chakale m'chikwama. Pachithunzipo panali mzungu wa magalasi ataima pambali pa mtsikana woonda wonyamula khanda. Amayi anachigwira ndi manja awiri.

"Auzeni kuti bambo sanawaiwale," Hana anauza Festus. "Auzenso kuti akanakondwa kuona kuti khanda ili linakula n'kumagwira ntchito yomvetsera anthu ngati iwowo." Ponena izi anandisisita phewa.

Festus anamasulira mawu onse, monyadira. Amayi anandiyang'ana, kenako anayang'ana Festus.

"Iyayi, apongozi. Uyu ndi Lidia, mwana wa malemu akulu anga. Khanda ili ndi uyo wagwada apoyo. Kezia, sendera kuno, alendo akuone."

Festus anamwetulira mwaulemu, mmene timachitira ndi wodwala. Malume a Mateyu anayamba kutsokomola n'kumayang'ana nkhuku. Iwo anali nkhoswe pa ukwati wanga, ndipo ankadziwa kuti ndimayendera dzina la mwini, koma sanaonepo chifukwa chouzira mkamwini nkhani za m'banja mwathu.

"Make Lonjezo," anatero Festus, "tithandizeni."

M'bale wanga anasendera ndi mawondo. Sanandiyang'ane. Mawu ake anatuluka osalala ngati akuwerenga.

"Pepani alamu. Mutu wa amayi umasokoneza nthawi zina. Ine ndine mwana wa aphunzitsi. Mwana wawo ndi akazi anuwa."

Ndinaona chinthu chimene sindidzaiwala. Nkhope ya amayi Rakele inazima. Chithunzi chija chinatsetsereka pa miyendo pawo n'kugwera pamphasa, ndipo maso awo anapita pa khoma la nyumba. Kenako analankhula motsitsa.

"Ukundikana pamaso pa mwana wa a Tsoina, Kezia? Ndikudziwa, mwanawe. Ndi chifukwa cha sukulu ija. Unapereka malo ako kwa mnzako kuti uzisamala wamisala. Ndakhala ndikupempha Mulungu andikhululukire tsiku ndi tsiku. Uli ndi chifukwa chondikanira."

"Akuti chiyani?" anafunsa Hana.

Festus anasiya kumasulira. Ankayang'ana ine. Ndipo ine, amene ntchito yanga inali kuuza makolo kuti asamaononge tsogolo la ana, ndinamva mawu anga akutuluka ndisanawalole.

"Amayi, sanapereke malo ake. Ndinaba."

5

Ndinauza Festus kuti amasulire chilichonse, asasiye ngakhale liwu limodzi. Anamasulira, ndipo mpaka lero ndimaona kuti ndinamuchitira nkhanza pomusenzetsa ntchito imeneyo.

Zinali chonchi. Ine ndine Lidia, mwana wa aphunzitsi. Mayi anga ondibereka anali mkulu wawo wa amayi Rakele, ndipo makolo anga anatenga Kezia ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi kuti aziphunzira limodzi ndi ine. Kezia anali ndi mutu. Masamu amene ine ndinkalira nawo, iye ankawapanga akutsuka mbale. Tinalemba mayeso a Sitandade 8 m'chaka cha 2001, ndipo titangomaliza kunabwera uthenga woti matenda a amayi Rakele ayambiranso. Kezia anapita kumudzi kukawasamala.

Mayina atatuluka, pa sukulu yathu panasankhidwa mwana mmodzi yekha wopita ku sekondale yogonera konko. Anali Kezia Zeuner. Ine ndinali nditalemba kachiwiri, ndipo dzina langa panalibe. Bambo anandipatsa kalata yake kuti ndikamupatsire, poti masiku amenewo mafoni kunalibe kumudzi.

Ndinayenda maola anayi kalatayo ili m'thumba la diresi. Pokwera phiri lomaliza ndinkaganiza za anzanga amene adzandiseke ndikakhalanso m'kalasi ya bambo anga kachitatu, ndili ndi mabere kale. Ndinapeza Kezia akusambitsa mayi ake kuseri kwa nyumba. Anandithamangira manja ali ndi thovu.

"Atuluka?"

"Atuluka. Tonse awiri sitinasankhidwe."

Anangoti, "Oo," n'kubwerera kukatsiriza kusambitsa mayi ake. Sanalire pamaso panga.

Mawa lake ndinabwerera kwathu n'kubweza kalatayo kwa bambo. Ndinati Kezia wakana, akuti sangasiye mayi ake ali choncho, ndipo wapempha kuti malowo asaonongeke, ndipite ineyo pa dzina lake. Nthawi imeneyo zoterezi zinkachitika. Mwana ankatha kupita ku sekondale pa dzina la m'bale wake amene watenga mimba kapena wamwalira, ndipo kusukuluko palibe amene ankadziwa nkhope ya mwini dzina. Bambo anali mkulu wa mpingo, ndipo anakhala masiku awiri osalankhula za nkhaniyi. Tsiku lachitatu anandigulira sutikesi. Akanatha kuyenda maola anayi omwewo kukamufunsa yekha Kezia, koma ndikuganiza kuti ankaopa yankho lake.

Ndinamaliza kufotokoza. Malume a Mateyu ndi amene anayamba.

"Ife tonse tinkadziwa kuti anapereka yekha. Iwe Kezia, bwanji sunanene?"

"Ndinadziwa pa Khirisimasi ya chaka chomwecho," anayankha Kezia. "Aphunzitsi anabwera ndi shuga ndi chitenje kudzandithokoza chifukwa cha mtima wanga wabwino. Ndikanati chiyani kwa munthu amene anandilera? Kuti mwana wanu ndi wabodza? Amayi anali atangoyamba kumene kudya okha. Ndinalandira chitenjecho."

Amayi Rakele anachotsa maso awo pakhoma. Anatambasula dzanja n'kugwira nkhope ya Kezia ngati akuiona koyamba.

"Ndiye si ine ndinakulepheretsa?"

"Si inu, amayi."

Analira mokuwa mpaka anthu a nyumba zoyandikana anatuluka. Hana anatola chithunzi chija, nachipukuta fumbi, n'kuchiika m'manja mwa Kezia. Ine sanandiyang'anenso mpaka pamene tinakamusiya ku Boma.

6

Festus sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa. Titafika kunyumba anakhala pa khonde nsapato zili kumapazi, ndipo anandifunsa funso limodzi.

"Pa tsiku la ukwati wathu, abusa atafunsa ngati ndikulola Kezia kukhala mkazi wanga, ndinalumbira kwa ndani?"

Sabata yomweyo anatenga zovala zake n'kupita kwa mkulu wake ku Madisi. Amabwera Loweruka kudzaona ana, amandipatsa moni waulemu ngati wa pa maliro, ndipo dzuwa likapendeka amanyamuka. Sanandiuze kuti banja latha, sanandiuzenso kuti lilipo.

Lolemba lotsatira ndinalembera kalata abwana anga n'kuwauza zonse. Anandiimitsa ntchito, ndipo nkhani ya masatifiketi anga ili m'manja mwa akuluakulu. Mayeso onse ndinakhoza ndekha, ndi mutu wanga, koma pepala lililonse likunena munthu wina. Ku mpingo anandiimitsa kudya mgonero. Abigail, mwana wanga woyamba, ali Sitandade 8 chaka chino. Anandifunsa kuti anzake akamafunsa dzina la mayi ake aziti ndani, ndipo ndinamuuza kuti aziti Lidia.

Patatha mwezi ndinapitanso kumapiri kuja. Ndinapeza Kezia akutong'ola chimanga pa khonde. Ndinagwada pa dothi, ndi siketi yanga ya ku ofesi, n'kumuuza kuti ndabwera kudzapepesa, ndipo ndichita chilichonse chimene anganene. Ndinali nditakonzeka kutukwanidwa, ngakhale kumenyedwa ndi chitsononkho.

"Dzuka, anthu akuona," anatero. Anandikankhira dengu kuti ndimuthandize. Tinatong'ola chimanga kwa nthawi ndithu, kenako anafunsa osandiyang'ana.

"Kusukuluko kunali bwanji?"

"Kezia, chonde..."

"Ayi, ndikufuna kudziwa. Ndakhala ndikuganizira zaka zonsezi. Yunifolomu inali ya mtundu wanji? Ankakuitanani bwanji m'mawa, ndi belu kapena chitsulo? Amati kumakhala chipinda chodzaza mabuku okhaokha, n'zoona? Bedi langa linali pati, pafupi ndi windo?"

Anati bedi langa, ndipo sananene mondinyoza. Ndinamuuza kuti linali lapamwamba, pafupi ndi windo loyang'ana ku bwalo la mpira. Ndinamuuza za siketi yobiriwira, za nyemba zofumbwa, za mphunzitsi wa masamu amene ankaponya choko. Anandifunsa masamu amene tinkaphunzira ku Fomu 1, ndipo nditalemba funso limodzi pa dothi ndi kamtengo, analiyang'ana pang'ono n'kundiuza yankho ndisanamalize kulifotokoza. Anaseka yekha, napukuta maso ndi nsonga ya chitenje, n'kupitiriza kutong'ola chimanga.

7

Owerenga anzanga, sindinalembe izi kuti mundimvere chisoni. Ndikudziwa kuti m'maofesi ndi m'masukulu a dziko lino muli ena amene akuyankha dzina la m'bale wawo, ndipo ambiri anapatsidwa ndi mtima woyera, mabanja atagwirizana. Ine sindinapatsidwe. Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi pamene ndinanama, ndipo mwina mungamukhululukire mwana. Koma amene anapita m'chigafa kukapempha mwana wa munthu kuti anene kuti mayi ake ndi osokonekera mutu anali mayi wa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri, wophunzira, wolangiza anzake. Ameneyo ine ndikulephera kumukhululukira.

Ngati pali munthu amene munamudutsa pa mzere iye osadziwa, kapena akudziwa koma ali chete, musadikire mlendo wochokera kutali kuti adzakukhazikeni pamphasa. Kukhala chete kwake sikutanthauza kuti anaiwala. Pitani mukamuuze nokha, ndipo mukonzekere, chifukwa mwina sadzakutukwanani. Mwina adzangokufunsani kuti kumene munapita m'malo mwake kunali bwanji, ndipo mudzayenera kumuyankha funso lililonse mukumuyang'ana kumaso.